Kodi amayi angakwanitse ulendo wa ndawala kuchoka ku Monterosso kukafika ku Vernazza?

Mayi wina amene akugwira ntchito ya unamwino ku Britain wafunsa za amayi ake, a zaka 64, omwe akubwera kudzacheza kuchokera kumudzi mu Ogasiti. Akufuna kuwatengera ku Cinque Terre, m'dziko la Italy, chifukwa anaona zithunzi za kanjira kodutsa m'mbali mwa nyanja pakati pa midzi ya Monterosso ndi Vernazza. Vuto ndi lakuti bondo lakumanja la amayiwo limatupa akayenda kwambiri, ngakhale eni akewo akuti anakulira m'mapiri a ku Ntcheu ndipo kanjira ka alendo sikangawaopse. Funso lake ndi lakuti: angakwanitse kodi, ayambire mbali iti, ndipo akonzekere bwanji?

Achemwali, kukwanitsa angakwanitse, ndipo anthu a zaka zoposa zawo amadutsamo. Koma ndisanakulimbikitseni, ndikufuna mudziwe chimene mukuwatengerako, chifukwa zithunzi za malo amenewa zimabisa zambiri. Munthu amatulutsa foni pomwe paoneka nyanja ndi nyumba zopaka utoto. Pamasitepe foni imakhala m'thumba, mwini wake ali wefuwefu, dzanja lili pabondo. Ndiye amene akuonera zithunzizo ali pasofa amayesa kuti ndi kanjira ka pagombe koyenda akudya ayisikilimu. Ayi ndithu. Ndi njira ya m'phiri, kungoti phirilo lathera m'nyanja.

Cinque Terre ndi midzi isanu ya m'chigawo cha Liguria, kumpoto chakumadzulo kwa Italy, pafupi ndi mzinda wa La Spezia. Kuchokera kumpoto, midziyi ndi Monterosso al Mare, Vernazza, Corniglia, Manarola ndi Riomaggiore. Bungwe la UNESCO linaika derali pamndandanda wa malo ofunika kusungidwa mu 1997, ndipo mu 1999 linakhala malo otetezedwa ndi boma. Njira ya m'mbali mwa nyanja yolumikiza midziyi imatchedwa Sentiero Azzurro, ndipo yonse ndi makilomita pafupifupi 12. Chigawo chimene mukufunsachi ndi cha makilomita atatu ndi theka basi. Sitima imadutsa mtunda umenewu m'mphindi zosakwana zisanu, kudzera m'ngalande za pansi pa phiri. Wapansi, munthu wamphamvu zake amatenga ola ndi theka kapena maola awiri. Inu ndi amayi muwerengere maola atatu, ndipo musachite nazo manyazi.

Makilomita ochepawa asakunamizeni. Kanjiraka sanakakonzere alendo. Ndi ka alimi a mphesa, azitona ndi mandimu, omwe kwa zaka mazanamazana ankasema phiri n'kumanga makoma a miyala opanda simenti kuti agwire dothi, mlambala pamwamba pa mlambala, mpaka pamwamba. Masitepe ake anawaika molingana ndi mwala umene unalipo tsiku limenelo. Ili ndi lalifupi, lotsatira lofika m'katumba, linalo lopendekeka, lina lopapatiza moti phazi limakwana mukaliika chopingasa. Mwendo sungazolowere n'kumangodziyendera wokha ngati pa masitepe a m'nyumba. Sitepe lililonse limafuna diso. Chimene chimatopetsa anthu kwambiri n'chimenechi, kuposa kutalika kwa phirilo, lomwe pamalo okwera kwambiri a njirayi ndi mamita pafupifupi 200 kuchokera pamadzi.

Mukatsika sitima ku Monterosso mumafikira ku Fegina, mbali yatsopano ya mudziwu, kumene kuli gombe lalitali la maambulera. Mumayenda m'mbali mwa nyanja, kulowa m'ngalande ya anthu oyenda pansi, n'kutulukira kumudzi wakale. Kanjira kamayambira kumapeto kwa gombe la kumeneko, ndipo poyamba kamakunyengererani: kotambalala, kokwera pang'onopang'ono, nyanja ili kudzanja lamanja. Mukadutsa kanyumba koonetsera khadi yolipirira njirayi, masewera amatha. Kuchokera pamenepo ndi masitepe mazana angapo otsatizana, opanikizika pakati pa makoma a minda, mphepo yosafika. M'mbali mwake muona mitengo ya mandimu, mipesa yomangiriridwa kuzikhomo, ndi kanjanji ka mzere umodzi kokwezeka phiri chindunji. Kanjanji kameneka ndi ka alimi, amatsitsirapo mphesa pa kangolo ka injini nthawi yokolola. Theka la ola loyamba limeneli ndiye lowawa koposa pa ulendo wonse.

Mukatha masitepewo njira imagona pang'ono, kukwera apa, kutsika apo, kudutsa timitsinje pa timilatho ta miyala, kulowa mumthunzi wa mitengo n'kutulukanso padzuwa. Apa chovuta ndi kuchepa kwa njira. Malo ena ndi ongokwana munthu mmodzi, khoma kumanzere, kumanja kotsetsereka, ndipo si ponse pamene pali chogwirira. Mukakumana ndi gulu lochokera kutsogolo, wina ayenera kuima n'kutsamira khoma. Amayi azikhala a kukhomako nthawi zonse, ulemu wopatukira alendo ausiye kaye. Ngati amachita chizungulire akayang'ana pansi ali pamalo okwera, nkhani yonse ithere pomwepa, musawakakamize. Afunseni bwinobwino, chifukwa akuluakulu athu zoterezi sanena okha.

Kenako mumakhota pakona ina, Vernazza n'kuonekera pansi panu yense: doko laling'ono lokhala ndi timaboti, tchalitchi cha Santa Margherita d'Antiochia chomangidwa pamadzi penipeni, nyumba zofiirira ndi zachikasu zounjikana, ndi nsanja yozungulira ya linga la Doria pamwamba pa thanthwe. Chithunzi chimene munaonacho anajambulira pamenepa. Anthu amaunjikana pamalopa ndipo ambiri amaiwala kuti phazi lili m'mphepete. Kuchoka apo ndi kutsika kokhakokha mpaka kulowa pakati pa nyumba za m'mudzimo.

Tsopano za bondo. Inu monga namwino mukudziwa kuposa ine kuti bondo lodwala limalira kwambiri potsika kusiyana ndi pokwera. Pokwera chimavutika ndi chifuwa, ndipo chifuwa chimachira mukaima mphindi ziwiri. Potsika, thupi lonse limagwera pabondo limodzi pa sitepe lililonse, mwendo uli utatopa kale, ndipo kupuma sikuchotsa ululuwo. Anthu ambiri amalangiza kuti muyambire ku Vernazza chifukwa chitunda chake ndi chofatsa. Kwa wachinyamata wopanda mpweya wokwanira malangizowo ndi abwino. Kwa amayi anu ndi olakwika, chifukwa masitepe oimirira a ku Monterosso aja adzawatsika m'malo mowakwera, komanso kumapeto kwa ulendo, miyendo ikunjenjemera. Yambirani ku Monterosso. Kutsikira ku Vernazza nakonso kuli ndi masitepe ake, sindikubisirani, koma sikufanana ndi mbali inayo.

Zoti anakulira m'mapiri musazipeputse. Munthu amene ankatsika phiri mtolo wa nkhuni uli pamutu amadziwa kuponda pamwala, amadziwa kusunga mphamvu, ndipo nthawi zambiri amayenda bwino kuposa ana ake okhala m'tauni. Luso limenelo silichoka. Koma bondo limene linkatsika ndi nkhunilo linali la mtsikana. Ndiye m'malo mokangana nawo, ayeseni musananyamuke. Pezani nyumba yosanja kapena paki yokhala ndi masitepe kumene mukukhalako, akwere ndi kutsika kwa mphindi 20 osathamanga, tsiku lina abwerezenso. Chimene muyang'ane si mmene akupumira ali pamasitepepo, koma mmene bondo ladzukira mawa lake. Likadzuka lotupa, yankho mwalipeza muli kunyumba, osati pakati pa phiri pomwe palibe msewu wa galimoto. Pakati pa midzi iwiriyi palibe pokwerera basi, palibe chimbudzi, palibe mpopi wodalirika. Munthu akabinya mwendo, opulumutsa amabwera wapansi ndi machira, nthawi zina ndi helikopita. Nambala yoimba pangozi ndi 112.

Ndodo ziwiri zoyendera, zija zotha kufupikitsa, zimathandiza kwambiri potsika. Ngati amayi akana kuti ndodo ndi ya nkhalamba, aonetseni achinyamata a ku Germany amene adzakudutseni nazo. Potsika azitsogoza ndodo, kenako mwendo wodwalawo, wabwinowo pambuyo. Pokwera utsogole wabwino. Chikwama munyamule inu.

Chimene chikundidetsa nkhawa kuposa bondo ndi mwezi umene mwasankha. Ogasiti ku Liguria kumatentha, nthawi zambiri kufika madigiri 30 kapena kuposa, ndipo makoma a miyala aja amasunga kutentha n'kumakubwezerani kumaso. Ndi mwezinso umene anthu a ku Italy eni ake amapita kutchuthi, makamaka masiku ozungulira 15 Ogasiti, tsiku la chikondwerero cha Ferragosto. Onjezanipo magulu otsika m'sitima zikuluzikulu za panyanja zomwe zimaima ku La Spezia. Pofika 10 koloko m'mawa kanjira kamakhala mzere wa anthu, ndipo munthu woyenda pang'onopang'ono amamva mpweya wa wina m'khosi, n'kuyamba kufulumira pomwe samayenera kufulumira. Ngozi zambiri zimabwera motero. Ngati masiku angasinthike, Meyi kapena kumapeto kwa Sepitembala ndi bwino kwambiri. Ngati sangasinthike, lawirirani. Mukhale muli pamasitepe 7 koloko isanakwane, kuti dzuwa likamayamba kuswa mtengo inu mukhale mutakhala pansi ku Vernazza mukumwa khofi. Izi zikutanthauza kugona ku Monterosso komweko, kapena ku Levanto, tauni ya pafupi kumene malo ogona amakhala otsikirako mtengo ndipo sitima imatenga mphindi zochepa. Pali choipa chimodzi: m'mawa dzuwa limatulukira kuseri kwa Vernazza, ndiye chithunzi sichiwala ngati cha madzulo. Chisiyeni chithunzicho, bondo ndi mutu wa amayi n'zofunika kuposa.

Madzi munyamule lita ndi theka munthu aliyense. M'midzi muli mipopi ya pabwalo yomwe madzi ake ndi akumwa, mudzadzaze mabotolo musanayambe. Chipewa chisasowe. Ngati amayi amamwa mankhwala a BP, zija za kutentha ndi kutha madzi m'thupi mukuzidziwa nokha.

Za kumapazi pali lamulo, si malangizo chabe. Kuyambira mu 2019 akuluakulu a malowa analetsa kuyenda m'njirazi mutavala patapata kapena nsapato zoonekera zala, ndipo chindapusa chake chimayambira pa mayuro 50 mpaka 2,500. Anachita kutopa ndi kutsitsa m'phiri anthu ovulala omwe anachoka pagombe n'kungokwera mmene analili. Simukufunika majombo olemera a kumapiri a chisanu. Nsapato yotseka, yomanga ndi zingwe, ya mano kunsi kwake, ndi yokwanira. Chachikulu musawagulire yatsopano dzulo lake. Aivale milungu iwiri kapena itatu kuti matuza atulukire kunyumba. Chitenje chikhoza kuvuta pa masitepe aatali aja, ndiye ngati amayi sakonda buluku, siketi yotakasuka yosafika pansi ndi yabwino, chitenjecho chikhale m'chikwama cha poyala popuma.

Njirayi ndi yolipira m'miyezi ya alendo, kuyambira cha pakati pa Malichi mpaka kumayambiriro kwa Novembala. Mumagula Cinque Terre Card, ndipo ilipo ya mitundu iwiri: ya njira yokha ndi timabasi ta m'midzi, ndi ina yophatikiza sitima wamba (zotchedwa Regionale) za pakati pa Levanto ndi La Spezia. Kwa inu yachiwiriyi ndiyo yanzeru, chifukwa matikiti a sitima ogula limodzilimodzi pakati pa midziyi ndi odula m'nyengo ya alendo, ndipo mudzafuna kukhala ndi ufulu wokwera nthawi iliyonse amayi akatopa. Mitengo imasintha malinga ndi tsiku, masiku odzaza anthu imakwera, choncho onani pa webusaiti ya Parco Nazionale delle Cinque Terre, bungwe loyang'anira malowa, sabata imene mukunyamuka. Dziwaninso kuti kuyambira mu 2023, pa masiku ena a tchuthi odzaza kwambiri monga nyengo ya Isitala, chigawo chimenechi amachisandutsa cholowera kumodzi kuyambira m'mawa mpaka masana, kuchoka ku Monterosso kupita ku Vernazza, komwe ndi kumene ndakuuzani kale.

Pa webusaiti yomweyo amalemba ngati njira ili yotseka, ndipo muonepo m'mawa wa tsiku lenilenilo. Azanyengo akachenjeza za mvula yamphamvu, njira amazitseka, ndipo ena amadandaula kuti akuluakuluwa ndi amantha poti kumwamba kukuoneka koyera. Si mantha. Makoma aja amagwira phiri pokhapokha ngati pali munthu wowasamala, wobwezera mwala ukagwa ndi kutsegula ngalande za madzi. Njanji itafika m'derali mu 1874, komanso ntchito zitachuluka kudoko la asilikali a panyanja ku La Spezia, ana a alimi anayamba kusiya minda, ndipo lero gawo lochepa chabe la milambala ija ndi limene likulimidwa. Khoma losiyidwa limamwa madzi, limatupa, kenako limagumuka n'kukankha la kunsi kwake. Pa 25 Okutobala 2011 mvula ya maola ochepa inatsitsa matope ndi miyala m'zigwa za Vernazza ndi Monterosso. Msewu waukulu wa ku Vernazza unakwiririka mpaka mamita anayi m'malo ena, anthu anafa, ndipo otsala anawasamutsa. Mukadzayenda mumsewu umenewo muli mashopu ndi malo odyera, yang'anani pafupi ndi siteshoni, pali chithunzi chachikulu cha tsikulo. Ndalama ya khadi ija mbali ina imapita kokonza makoma ndi njira zimenezi, n'chifukwa chake ine sindiiwerengera ngati kubera alendo. Mvula ikagwa usiku, ngakhale njira itsegulidwe, ndi amayi musapite. Miyala yopondedwa ndi anthu ambirimbiri ija imaterera ikanyowa.

Tiyerekeze kuti kuyesa kuja kwaonetsa kuti bondo silingathe. Ulendo sunawonongeke. Pakati pa Riomaggiore ndi Manarola pali Via dell'Amore, kanjira kosakwana kilomita imodzi ndi theka, kowakidwa bwino, kosemedwa m'thanthwe pamwamba pa mafunde, ndipo mukangokwera masitepe a poyambira n'kogona pafupifupi konse. Anakatseka mu Sepitembala 2012 miyala itagwera alendo anayi a ku Australia, ndipo kanatsegulidwanso mu 2024 atakhoma maukonde a zitsulo m'phirimo. Masiku ano mumasungitsa nthawi yolowera pasadakhale, mumalipira ndalama yoonjezera pa khadi ija, ndipo mumayambira ku Riomaggiore. Kwa amayi kameneka n'koyenera ndithu, ndipo nyanja adzaiona pafupi kuposa mmene akanaionera pamwamba paja. Chigawo cha m'mbali mwa nyanja pakati pa Manarola ndi Corniglia chakhala chotseka kwa zaka zambiri chifukwa cha kugumuka kwa nthaka. Njira yolambalala yodzera ku Volastra ndi yokongola koma ndi chitunda chenicheni, musaiganizire n'komwe.

Njira ina ndi yogawana. Inu muyende wapansi m'mawa kuchokera ku Monterosso, amayi akwere sitima pambuyo pake akakudikireni pabwalo la padoko ku Vernazza. Ndikudziwa kuti kusiya kholo lokha m'dziko la eni, chilankhulo osachidziwa, n'kovuta pamtima, ndiye izi zimatheka ngati muli atatu. Apo ayi, pitani nonse pasitima, ndipo madzulo kukazizira mukwere limodzi kuchokera ku Vernazza kulowera njira ya ku Monterosso kwa mphindi 10 kapena 15 zokha, mpaka pamalo oonera mudzi aja, n'kubwerera. Mupeza chithunzi chija dzuwa lili kumbuyo kwanu, pamtengo wa masitepe ochepa. Palinso maboti oyenda pakati pa midziyi nyanja ikakhala bata. Saima ku Corniglia kokha, chifukwa mudzi umenewo uli pamwamba pa thanthwe, mamita pafupifupi 100 kuchokera pamadzi. Mukafuna kukafikako pasitima, musawakweze amayi masitepe a Lardarina, omwe ndi pafupifupi 380 kuchokera kusiteshoni. Pali kabasi kodikira pomwepo ndipo khadi yanu imakwanira.

Mukafika ku Vernazza, njala idzakhala itakugwirani. Malo odyera a padoko penipeni ndi odula chifukwa mukulipirira mpando woona nyanja. Mumsewu waukulu amagulitsa focaccia, buledi wafulati wothira mafuta a azitona, komanso tinsomba tokazinga tomwe amakuikirani m'pepala lopinda. Tinsomba ta acciughe ta ku Monterosso n'totchuka m'dera lonselo, ndipo amayi akationa adzati ndi usipa, sadzalakwitsa kwenikweni. Kusambira kumatheka padoko pomwepo, ndipo madzi ozizira pabondo lotopa si oipa.

Chinthu china simunafunse koma chikhoza kugwetsa ulendo wonse. Viza ya ku Britain silowetsa munthu ku Italy. Ndi pasipoti ya Malawi pamafunika viza ya Schengen, yolowera m'mayiko ambiri a ku Ulaya kuphatikizapo Italy, ndipo lamulo lake ndi lakuti munthu amafunsira m'dziko limene amakhala, osati limene wapitako kukacheza. Inu mungafunsire ku Britain ngati muli ndi chilolezo chokhala kumeneko, koma amayi ayenera kuyamba zawo asananyamuke kumudzi, ndipo miyezi ya Juni ndi Julayi mizere imakhala yaitali. Pofunsira viza amafunanso inshulansi ya zaumoyo ya mayuro osachepera 30,000. Pogula inshulansiyo nenani za bondolo ndi matenda ena alionse amene ali nawo, ndipo werengani ngati ikuvomereza kuyenda m'njira za m'mapiri, chifukwa ena amakana kulipira akapeza kuti munabisa. Mabwalo a ndege apafupi ndi a Pisa ndi Genoa, ndipo kuchokera konseko sitima imakufikitsani ku Levanto kapena ku La Spezia tsiku lomwelo. Tsiku lofika musakwere phiri. Amayi agone kaye, ndipo mawa lake madzulo mupite nawo kumapeto kwa gombe la Monterosso akaone okha poyambira chitundacho, kuti ponena kuti apita kapena ayi akhale atachiona ndi maso.